Mageti

Ntchito yanga pano pa Nchalo ndi kutsegula madzi.
Folo koloko m'mawa ndimapotokola chitsulo,
Shire n'kulowa m'ngalande mwaulemu ngati mlendo,
nzimbe n'kumwa.
Ndikaiwala kutseka, munda umasanduka dambo,
kapitawo n'kundidula tsiku.

Foni ndinagula yogwiritsidwapo kale, galasi long'aluka pakona,
ndipo palibe anandiuza kuti nayonso ili ndi mageti.

Chaka chija madzi atameza nyumba ya amayi ku Makhanga
ndinaika chithunzi: denga lokha likuoneka, nkhuku ziwiri pamwamba.
Anthu analira nane ndi tinkhope ta misozi.
Kenako Dinyero, mwana wa amalume anga enieni,
amene amagona ku Blantyre fani ikumupepesa,
analemba pansi pake:
inu akuchigwa mumawakonda madziwo
chifukwa amabwera ndi matumba a ufa.

Usiku umenewo kunatentha ngati m'ng'anjo ya njerwa.
Ndinakhala panja pamkeka, udzudzu ukundiimbira m'khutu,
ndikulemba.
Ndinamukumbutsa fizi yake ya ku Bangula,
kuti inachokera m'chimanga cha m'dimba lomwelo.
Ndinamukumbutsa amene anamuwolotsa pabwato ali ndi malungo.
Ndinaonjeza mawu ena
amene sindingawatchule mwana wanga ali pafupi.
Chala chili m'mwamba, chatsala pang'ono kutera,
batire n'kuthima.

Alufazema wotchajitsa mafoni amatsegula seveni.
Pofika naini mawu aja anali atauma
ngati matope a m'ngalande yotsekedwa.
Ndinawawerenga ngati alemba munthu wina, woledzera,
n'kuwafufuta limodzilimodzi kuyambira kumchira.

Kuchokera tsikulo ndili ndi kachitidwe kanga.
Mkwiyo ndimaugoneka kaye.
Ukadzuka uli moyo ndimaimba, sindilemba,
chifukwa mawu apakamwa mphepo imathandiza kunyamula.
Gulu la anzanga akusukulu,
lija limakangana zandale mpaka kunja kuyera,
ndinalitseka pakamwa chaka chathunthu;
ndimasuzumiramo Lamlungu
mmene umayang'anira ng'ona uli pamtunda.
Wina, sindimudziwa n'komwe, wa chithunzi cha galimoto,
ananyoza Chisena cha mkazi wanga.
Ameneyo ndinamubuloka ndikudya mbatata,
osasiya kutafuna.
Bandulo ndimagula ndi thukuta la m'munda wa eni;
sindingaiwonongere munthu wondilavulira.

Koma Dinyero sindinamubuloke.
Ungabuloke bwanji munthu
amene mudzagwirizane bokosi limodzi kupita kumanda?
Ndinangopotokola chitsulo pang'ono
kuti zake zisamandipeze m'mawa ndisanalawe kanthu.
Iye sakudziwa.
Maliyazinya akuti amenewo ndi mantha,
akuti akanakhala iye akanamuyankha mpaka foni kutentha.
Mwina.
Pena ndimagona chagada ndikuwerenga malata,
ndikuganiza za anthu makumi anayi aja
amene anaseka pansi pa mawu ake,
kuti mpaka lero akuyesa ndinasowa chonena.
Zimandiluma, ndisaname.

Mwezi watha tinakumana pa Ngabu, tsiku la msika wa ng'ombe,
iye akutsika minibasi, malaya atamata kumsana.
Anagula zozizira ziwiri.
Tinakamba za mtengo wa thonje,
za bondo la amalume limene likukana mankhwala,
za mbuzi ina imene inkadya katoni pafupi nafe.
Za chithunzi chija palibe anayamba.
Posiyana anandigwira phewa:
bwanji masiku ano sukuoneka pa zanga?
Ndinati netiweki, m'bale wanga,
kuno ndi kuchigwa.

Madzulo ake, njinga nditaitsamiritsa pachipupa,
ndinatsegula tsamba lake ndekha, osatumidwa.
Mwana wake wayamba kuyenda,
akugwira mpando, akusiya, akugwiranso.
Ndinaonera kawiri.
Ndinaikapo kamtima kamodzi
n'kutsekanso.